Khanda la HIV Likadwalika, Cimapha Ndi Kucedwa

M'midzi ya ku Vubwi, kufupi ndi malile a Malawi ndi Mozambique, khanda likayamba kuonda, kutsegula m'mimba ndi kukhosomola kosalekeza, mau oyamba kumveka pakhomo ndi akuti "tsempho". Akulu-akulu amakhazika pansi bambo ndi mai kuti adziwe walakwa ndani. Mlandu uli mkati, masiku amapita ndipo mwana amafookelatu.

Nthawi zina cimene cadwalitsa mwana wotele ndi kalombo ka HIV kamene anatenga kwa amake ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. M'thupi la khanda kalomboka kamathamanga kuposa mwa munthu wamkulu. Popanda mankhwala, pafupi-fupi theka la makanda otenga kalomboka amamwalila asanakwanitse zaka 2.

M'zaka za m'ma 1990, ngakhale pa cipatala cacikulu ngati St Francis ku Katete, panalibe mankhwala ofooketsa kalomboka oti n'kupatsa mwana. Koma zinthu zinasintha. Mu 2004, kufufuza kwa pa UTH ku Lusaka kunaonetsa kuti Septrin amacepetsa imfa za ana a HIV ndi 43 pelesenti. Mu 2005 boma linayamba kupeleka ma ARV kwaulele. Mu 2008 madotolo a ku South Africa anafalitsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumacepetsa imfa za makanda ndi 76 pelesenti. Masiku ano kuli dolutegravir wa ana, kapilisi kosungunula m'madzi ocepa.

Motelo nchito yoyamba ndi kupimitsa. Anamwino amatenga timadontho ta magazi ku cidendene ca mwana pobadwa ndiponso pa masabata 6. Mwana wodwala asadikile tsiku la sikelo.

Kunyumba, mai apitilize kumwa ma ARV ake ndi kuyamwitsa kawili-kawili. Kufikila miyezi 6 mwana apatsidwe bele lokha, popanda phala kapena mankhwala a zitsamba. Ngati alephela kukoka bele, mkaka ufinyidwe m'kapu yoyela. Akatsegula m'mimba, amwetsedwe Madzi a Moyo pang'ono-pang'ono pamodzi ndi zinki. Zoyela za m'kamwa zimene zimamletsa kuyamwa zili ndi mankhwala ake ku kiliniki. Septrin ndi ma ARV asadumphe tsiku. Ngati wina pabanja ali ndi cifuwa cosatha, akapimitse TB.

Koma pali zizindikilo zosagonela: kukana bele, kusanza ciliconse, kukomoka, kutentha kapena kuzizila thupi, liwombo kulowa, nthiti kulowa mkati popuma, ndi kupuma mofulumila. Kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 pa mphindi imodzi ndiye kufulumila. Mwana wotele apite ku cipatala ngakhale usiku.

Mai yekha sangathe. Ambuya, azakhali ndi bambo amlandile kuti naye agone ndi kudya. Kubeleka mwana, kumsambitsa kapena kumpsompsona sikupatsa HIV. Cofunika ndi kusamba m'manja ndi sopo pambuyo pocapa matewela.

Mabanja ambili a m'makomboni a Chipata, monga Kapata ndi Mchini, ali ndi abale ku Vubwi, Sinda ndi Katete. Foni ikalila kuti khanda ladwalika kumudzi, funso loyamba likhale lakuti kodi lapimidwa. Ndalama ya ulendo wa ku cipatala itumizidwe tsiku lomwelo, osadikila uthenga wa malilo.