Njinga Yamoto Siifa ndi Ukalamba

Ambiri a ife pano pasukulu, tikamva njinga yamoto ikulira kumsewu, timathamangira kumazenera ndi kuyamba kukangana za liwiro lake. Koma ndi owerengeka amene amafunsa chimene chimaisunga njingayo kuti iziyenda. Inenso ndinali mmodzi wa osafunsawo kufikira tchuthi chapitachi, ndipo ndifuna kukuuzani zimene ndinaphunzira.

Amalume anga kwathu ku Ntcheu anagula Honda CG125 yakale imene inatha zaka zisanu ili kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anthu anawaseka, nati agula zitsulo zosulira makasu. Iwo sanaigule kuti achite nayo malonda ayi, koma chifukwa chokonda makina basi. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa m'chaka cha 1975. Amisiri a Honda a ku Japan atayendera mayiko otentha anaona kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wolemera m'misewu yafumbi, osasamala zosintha oyilo, tsono anapanga injini yopirira. Koma ngakhale bulu wopirira amafuna madzi.

Tisanagwire sipanala, amalume anandifotokozera mmene injini imagwirira ntchito. Pisitoni imatsika nikoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imakwera niupanikiza, pulagi imathetheka moto, mpweyawo nuphulika nukankhira pisitoni pansi, pomaliza pisitoni imakweranso nitulutsa utsi. Kotero injini imafuna zinthu zinayi: petulo wabwino, mpweya woyera, moto ndi oyilo. Njinga ikakana kulira, munthu ayambe wafufuza zimenezi asanathamangire kumasula injini yonse.

Tinayamba ndi petulo. Petulo akakhalitsa amasanduka utomoni umene umatseka timabowo ta m'kabuleta, timabowo tating'ono ngati diso la singano. Tinatsuka thanki, ndipo tinatha masiku awiri tikutsuka timabowoto. Ine ndinafuna kutibowola ndi waya, koma amalume anandiletsa, pakuti bowo likakula pang'ono pokha njinga imamwa petulo ngati chidakwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi sefa ya mpweya, imene ili ngati siponji. Imeneyi timaichapa m'palafini, kuiyanika, kuithira oyilo pang'ono ndi kuifinya. Inu a sayansi mudziwa kuti fumbi ndi timiyala. Likalowa m'injini limapala zitsulo monga mchenga umapalira mphika. M'miyezi ya September ndi October, pamene fumbi lili tolotolo, sefa iyenera kuchapidwa kawirikawiri.

Chachitatu ndi pulagi, imene amalume amaitcha mboni, chifukwa imaulula za m'kati. Nsonga yake ikakhala yofiirira, zonse zili bwino. Ikada ndi mwaye, ndiye kuti petulo wachuluka kapena sefa yatsekeka. Ikayera mbuu, petulo wachepa ndipo injini ikutentha kwambiri.

Chachinayi, ndiponso chachikulu, ndi oyilo. Injini imeneyi imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, motero akachepa pang'ono zitsulo zimayamba kudyana. Amalume amayeza ndi kandodo kake m'mawa uliwonse, njinga itaima chilili pamalo osalala, ndipo amasintha oyilo akayenda makilomita 1,000. Iwo amati lita ya oyilo ndi yotsika mtengo kuposa pisitoni.

Tsono ndiulule kupusa kwanga. Tsiku lina amalume atapita kudimba ndinaona tcheni chili lendelende, ndipo pofuna kuyamikiridwa ndinachikunga ngati chikumba cha ng'oma. Pobwera anachidina ndi chala, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Mphwanga, ufuna kundipha kodi?" Ndinayankha kuti, "Iyayi amalume, ndimati ndikuthandizeni." Pamenepo anakhala pachishalo nandionetsa kuti munthu akakwera, kapena gudumu likagwa m'dzenje, tcheni chimakungika chokha. Ngati chinali chokungika kale chimadya mano a gudumu, mwinanso kuduka njinga ili paliwiro ndi kumugwetsa wokwerayo. Chiyenera kusewera pafupifupi masentimita 2 pakati pake. Ndinachita manyazi ndithu. Safunsa anadya phula.

Patapita masabata atatu, amalume anaponda kiki kachisanu, njinga ija nitsokomola, nilira. Ana anakuwa, ndipo aja ankaseka anabwera kudzaigwira.

Za kukwera ndinene zochepa. Amalume sanyamuka asanayese mabuleki onse awiri, nyali ndi mpweya wa m'matayala, ndipo wopanda helemeti samunyamula, ngakhale ulendo ukhale wa pachigayo pompa. Pamchenga ndi pamatope safinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, pakuti gudumu limaterereka. Ine sanandilolebe kuyendetsa pamsewu. Ati ndiyambe ndapeza laisensi.

Anzanga, ambiri tili ndi abale oyendetsa kabaza, ndipo ena fizi yathu imachokera m'njinga zomwezo. Njinga ya mkulu wako ikafa mu January, iwenso teremu yako yagwedezeka. Ndaona njinga zatsopano zitaferatu pasanathe zaka ziwiri, pamene nkhalamba ya amalume ikukwera mapiri a ku Ntcheu. Kusiyana kwake si mwayi kapena mankhwala, koma mphindi khumi za m'mawa uliwonse. Tikatsekera sukulu, kafunseni abale anuwo kuti oyilo anasintha liti, ndipo tcheni mukachidine ndi chala. Koma musakachikunge musanafunse.

Wophunzira wa Fomu 3