Makina M'kalasi: Kodi Woweruza Akhale Yani?

Aliyense amene anapondapo m'kalasi m'boma la Chiradzulu, kaya ku Namadzi, ku Namitambo kapena m'midzi ya Mfumu Yaikulu Kadewere, akudziwa kuti chuma cha mphunzitsi wa pulayimale ndi bolodi lakuda la pakhoma ndi kachidutswa ka choko, ndi kuti ndi ziwiri zimenezi, pamodzi ndi mawu a pakamwa pake, iye wakhala akutsegula maso a ana kuyambira masiku amene Mbusa John Chilembwe, atabwerako ku America m'chaka cha 1900, anamanga mishoni ndi sukulu ku Mbombwe. Maboma asintha, sileti yasiyira malo kope, koma bolodi silinasunthike. Tsono m'masiku athu ano kwamveka mbiri ya zipangizo zatsopano, zimene eni ake akuti zidzachita m'miyezi yowerengeka zimene choko chalephera m'zaka zambiri. Ndipo popeza mbiriyi yafika kale pakhomo pathu, nkoyenera kuti tifunse mofatsa funso limene ambiri alilumpha, lakuti woweruza ngati chipangizo chathandiza mwana kapena ayi akhale yani.

Chimene chinayamba kutchuka kumaiko a azungu ndi bolodi loyera lolumikizidwa ku kompyuta, limene kampani ya SMART Technologies ya ku Calgary, m'dziko la Canada, inatulutsa m'chaka cha 1991. Makina oonetsera zithunzi amaponya pa bolodilo zimene zili mu kompyuta, ndipo ilo limamva chala kapena cholembera chikalikhudza, kotero kuti mphunzitsi angathe kukoka chithunzi, kukulitsa mapu, kulemba ndi kusunga zimene walembazo kuti mawa adzayambire pomwepo. Boma la Britain linatengeka nalo mtima, nilitaya ndalama zochuluka kugulira masukulu ake m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Koma pamene Gemma Moss ndi anzake a ku Institute of Education anafufuza m'masukulu a sekondale a mu London, lipoti lawo la mu 2007 linati m'chaka choyamba sanapeze umboni wakuti ana ayamba kukhoza bwino mayeso chifukwa cha mabolodiwo, ndiponso kuti m'makalasi ena nthawi inkathera pa kupatsana mpata wokakhudza bolodi, phunziro lenileni likuzizira. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikuti bolodilo linali loipa ayi. Mphunzitsi wodziwa ntchito anapindula nalo, ndipo wosadziwa anangopitiriza kusadziwa kwake pa bolodi lokwera mtengo.

Kwathu kuno bolodi lotere lingapezeke m'masukulu owerengeka a anthu opata, pakuti limafuna magetsi osathimathima, chipinda chotsekeka bwino ndi mmisiri wokhala pafupi. Vuto lathu ndi lina. Pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, ndipo kufikira lero si chachilendo kuona mphunzitsi mmodzi wa sitandade 1 ali pamaso pa ana oposa 100, ena ali pansi pa mtengo. Boma linayesapo wailesi, monga pulogalamu ya Tikwere imene inkaulutsidwa pa MBC. Koma chimene chagwira mitima tsopano ndi tabuleti, kakompyuta kaphanthiphanthi kamene mwana amakagwira m'manja, zomvera zili m'makutu, nikamamuphunzitsa masamu ndi kuwerenga m'Chichewa, pa liwiro lake la iye mwini.

Chiyambi chake chinali mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, pamene bungwe la VSO ndi la onebillion anayesa matabuleti amenewa, ndipo Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anagawa ana 318 a sitandade 1 mpaka 3 m'magulu atatu: ena anaphunzira masamu pa tabuleti kwa nthawi yofanana ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8, ena anapatsidwa tabuleti yopanda masamuwo, ena anatsala ndi mphunzitsi monga mwa masiku onse. M'sitandade 2 ndi 3, a gulu loyamba anaposa anzawo. Pa maziko a kafukufuku ameneyu ndi wina wotsatira, Unduna wa Zamaphunziro, mothandizana ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, unayambitsa mu 2023 ndondomeko ya BEFIT m'masukulu 500, ndi cholinga chakuti idzafike m'masukulu onse a boma a pulayimale, pafupifupi 6,000, kwa ana a sitandade 1 mpaka 4, matabuletiwo akumatchajidwa ndi magetsi a dzuwa. Ndiye kuti sukulu iliyonse ya ku Chiradzulu ili m'chiwerengero chimenechi.

Umboni umenewu ndi wolemekezeka, ndipo sindikuupeputsa. Komatu wofufuza wochokera kutali amabwera ndi mafunso ake, nakhala masabata ake, napita. Ndipo ife Amalawi, mwa ulemu umene tinayamwira, mlendo amene wabwera ndi mphatso sitimuuza kuti mphatso yake ili ndi chilema. Galimoto ikaima pabwalo la sukulu, ana amayimba, a mphunzitsi wamkulu amathokoza, ndipo zomvera zimene zinaduka mwezi watha zimabisidwa m'kabati. Amene amatsala ndi choonadi ndi mphunzitsi wa kalasi, amene amamudziwa mwana aliyense ndi dzina, ndi mudzi wake, ndi tsiku limene amajomba chifukwa cha msika. Lawrence Stenhouse, mphunzitsi wa aphunzitsi wa ku Britain, analimbikitsa mu 1975 kuti mphunzitsi akhale wofufuza m'kalasi mwake momwe, osati wongolandira zimene ena apeza. Ndipo ku Japan aphunzitsi ali ndi mwambo wakale wokonzera phunziro limodzi pamodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akupenyerera ana, kenaka n'kukhala pansi kulikonzanso. Fungo la mwambo umenewu linafika kwathu ndi pulojekiti ya SMASSE, imene boma linayendetsa mothandizidwa ndi bungwe la JICA pofuna kukweza kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi ku sekondale.

Mawu akuti kafukufuku asaopse munthu. Tiyerekeze mayi wophunzitsa sitandade 2 amene afuna kudziwa ngati mwana wowerenga bwino pa tabuleti amathanso kuwerenga m'buku, pakuti tabuleti imatchula mawu ndi kuyamikira mwana akakhoza, pamene buku limangokhala chete. Kumayambiriro kwa teremu iye aitane ana ake mmodzimmodzi, awapatse tsamba la malembo ndi maphatikizo, awerenge kuti aliyense watchula angati molondola pa mphindi imodzi, nalembe m'kope lachikuto cholimba. Teremu ikamatha abwerezenso ndi tsamba lolingana nalo, ndipo pambali pa dzina lililonse alembe masiku amene mwanayo anagwiradi tabuleti, osati masiku amene ndandanda inanena kuti agwire. Akadzayang'ana mizere iwiriyo adzaona zimene palibe lipoti lingamuuze: kuti mwina amene akupindula kwambiri ndi ana amanyazi a kumbuyo amene sakweza dzanja, kapena kuti ana amene akudikira nthawi yawo akungosewera, nataya phunziro limene anzawo apeza, kapena kuti mwana akudziwa kuloza yankho ndi chala, koma pensulo ikumukanika.

Mafunso otere ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sangabadwe m'mutu mwa munthu wokhala mu ofesi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikaphimba phiri la Chiradzulu masiku otsatizana, kodi mabatire amadzaza, nanga mwana wobwera ndi njala ya nyengo imeneyo amapirira mphindi zingati pa galasi lowala? Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, makalasi ambiri m'chigawo cha kumwera anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Tsiku lotere likadzabweranso, zipangizozi zidzasungidwa kuti, ndipo adzaziyankhira ndani?

Pali funso linanso limene Chiradzulu ali ndi udindo wolifunsa kuposa maboma onse. Ku Nguludi kuli koleji ya Montfort, imene kwa zaka zoposa 50 yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo pomwepo pali sukulu ya ana osamva ya Maryview. Tabuleti imaphunzitsa ndi zithunzi ndi mawu. Mwana wosaona zithunzizo sizimufika, wosamva mawuwo amamudutsa. Aphunzitsi osulidwa ku Montfort anazolowera kale makina, monga olembera zilembo za Braille, ndipo akudziwa bwino kusiyana kwa chipangizo chimene chimamasula mwana ndi chimene chimamusiya pakhonde anzake akulowa. Iwo akapanda kulemba zimene akuona, palibe wina adzazilembe.

Tisadzinyenge, komabe, kuti kope la mphunzitsi mmodzi ndi chiweruzo chomaliza. Ana 80 a kalasi imodzi angathe kukwera chifukwa cha phala la kusukulu, kapena chifukwa chakuti mphunzitsiyo, podziwa kuti akuyesa, waonjezera khama. Ndipo munthu wokonda makina amaona zokoma zokhazokha, monganso wodana nawo amaona zoipa. Mutu umodzi susenza denga. Mwayi wake ndi wakuti nyumba yokumaniramo inamangidwa kale: zoni iliyonse ili ndi TDC yake ndi mlangizi wake, a PEA, ndipo aphunzitsi amasonkhanako. Akanati masukulu 10 a zoni imodzi agwirizane pa funso limodzi, tsamba limodzi loyesera ndi masabata amodzimodzi, zimene angapeze zikanakhala ndi kulemera koti ngakhale a ku likulu la unduna n'kutchera khutu. Koleji ya aphunzitsi ya Chiradzulu ndi yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, zili pafupi, ndipo muli anthu odziwa kuwerengera zotere amene angathandize kupeta mankhusu.

Chotsala ndi nthawi. Mphunzitsi amene ali ndi makope 100 oti achonge, masikimu oti alembe ndi munda woti alime madzulo sangasenzetsedwe katundu wina popanda kumutula wina. Kuyesa ana 80 mphindi imodzi aliyense, kuphatikiza kuwaitana ndi kulemba, kumadya m'mawa wathunthu kawiri pa teremu, ndipo m'mawa umenewo payenera kukhala mnzake womugwirira kalasi. Zimenezi angazikonze ndi a mphunzitsi wamkulu pogawa ntchito. Koma kuti kope lija liwerengedwe pa nthawi yokweza anthu pa ntchito, ndi kuti zopezekazo zisindikizidwe m'Chichewa n'kugawidwa m'ma TDC, ndi unduna wokha umene ungalamule.