Kodi wageni angavotere mtsogoleri wa apantchito?

Abale anzanga ageni, ambirife timafuna boma lichotse dzanja pa malonda athu, lisatiikire mitengo kapena kutifinya ndi misonkho. Nanga munthu woganiza chonchi angavotere mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, amene nkhani yake ndi yokweza malipiro? Ine ndikuti eya. Taonani za Chakufwa Chihana.

Chihana adali mlembi wamkulu wa SATUCC, mgwirizano wa mabungwe a apantchito kummwera kwa Africa. Mu Epulo 1992 adabwera kudzaitanitsa matipate, apolisi nkumunjata atangotsika ndege ku Lilongwe. Masiku amenewo wopanda khadi la MCP ankabwezedwa pageti la msika ndi achiswe. Ufulu wa malonda udali pati? Amene adalowa ndende kuti khadi lithe adawombolanso mayi wogulitsa tomato pa Bvumbwe.

Chinanso, wothyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo akalandira zochepa, kabichi wathu amafotera pabenchi. Malipiro akewo amathera m'thumba mwathu.

Komatu pa 17 Meyi 1994 Chihana adangopeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse, ambiri akumpoto. Kummwera kuno anthu adakhamukira kwa Bakili Muluzi. Ena amati poti adali wabizinesi, koma tisanamizane, ambiri ankayang'ana kwawo kwa munthu.

Ndiye inu ageni ndi ophunzira, wofuna upulezidenti mumufunse ziwiri. Kodi adzatiikira mitengo? Tikamudzudzula adzatitsekera? Akayankha bwino, zoti adachokera kwa apantchito zisakuopseni.