Ubwenzi wa mumsika wasanduka wa nkhwangwa?

Akuluakulu adati ubwenzi wa nkhwangwa umakoma pokwera. Ukafika pamwamba, nkhwangwa ija umayiponya pansi. Amalonda ambiri ku Limbe, Ndirande, Lilongwe mpaka Mzuzu akudandaula kuti umu ndi momwe chinzake chikuyendera masiku ano.

Kale mayi ankasiyira mnzake benchi yonse ya tomato n'kuthamangira kuchipatala. Pobwera ankapeza ndalama zake zitamangidwa pansonga ya chitenje, osasowa olo tambala. Kummwera kuno amayi anali ndi chinjira, ubwenzi wochita kupangana. Anjira ankapatsana ufa, nkhuku ndi zovala, ndipo pamaliro kapena paukwati ankafika ngati abale enieni.

Nanga chasokoneza n'chiyani? Choyamba ndi thumba. Kwacha idayamba kugwa kwambiri mu 1994 boma litaisiya kuti msika uziipatsa mtengo. Idagwetsedwanso mu 2012, mu 2022, ndipo mu November 2023 idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mpamba ukaperewera kupikulira katundu, kubwereka mnzako kumakhala ngati kudzidula chala.

Chachiwiri ndi ngongole. Chipereganyu chidali chosavuta: lero alandira uyu, mawa uyo, popanda chiwongoladzanja. Banki m'khonde yathandiza ambiri kupeza mpamba, komatu munthu akalephera kubweza, omwe amabwera kudzanyamula mapoto ndi matilesi ndi anzake omwe ankadya nawo chipisi mbale imodzi. Akatero moni amatha.

Chachitatu ndi foni. Maliro akagwa, ambiri tikungotumiza chipepeso pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, basi tathana nazo. Mu 2020 matenda a Covid-19 adachepetsa anthu osonkhana pamaliro, ndipo ena adazolowera pomwepo. Koma ndalama ya pafoni sigona pasiwa, sitola nkhuni, siyimba nyimbo usiku wonse.

Chodabwitsa n'chakuti zikondwerero za chikhalidwe zikudzaza anthu. Chaka ndi chaka timakwera basi kupita ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, ku Umhlangano ku Ntcheu, kapena ku Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Timavala bwino, timavina, n'kubwerera kumsika komwe sitiyankhulana ndi wa benchi yoyandikana nayo.

Anzathu amalonda, ngongole tizilemberana poyera kuti isatidanitse. Ndipo mnzanu akaferedwa, tsekani benchi olo theka la tsiku mukamuone ndi maso. Tomato wa tsiku limodzi mudzapikula wina, koma tsiku lanu likadzafika mudzafuna anthu oti akunyamuleni.