Mmene Highlife idalowera m'Nyumba ya Mulungu

M'mipingo yathu timatsutsana kawirikawiri ngati gitala ndi ng'oma nzoyenera pa mapemphero. Mbiri ya nyimbo za Highlife za ku Ghana ingatithandize kuilingalira nkhaniyi mofatsa.

Nyimbozi zidabadwira m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, dzikolo likutchedwabe Gold Coast. Oimba adasakaniza ng'oma za makolo ndi malipenga a asilikali a atsamunda, nyimbo za m'tchalitchi, komanso kaimbidwe ka gitala ka amalinyero a mtundu wa Kru ochokera ku Liberia. Dzinali lidatchuka m'zaka za m'ma 1920, pamene amphawi ankaonerera ali kunja, olemera akuvina m'kati. Kenaka E.T. Mensah ndi gulu lake la Tempos adathiramo jazz ndi calypso, ndipo mu 1956 adaimba pamodzi ndi Louis Armstrong ku Accra.

Koma Jerry Rawlings atalanda boma kumapeto kwa 1981, lamulo loletsa kuyenda usiku lidazimitsa malo azisangalalo. Oimba ambiri adasowa pogwira, ena nathawira kunja, ena nalandiridwa m'mipingo. Umo ndi mmene nyimbo zauzimu za Highlife zidakulira, mwakuti kayimbidwe kovinidwa m'mabala kadayamba kutamanda Chauta.

Tsono tidzifunse: mnyamata waluso pa gitala akafika pakhomo la mpingo wathu, timamlandira kapena kumpirikitsa? Salimo 150 limatchula zoimbira zamitundumitundu. Chipangizo chilibe tchimo; chofunika kutembenuka ndi mtima wa wochiimba. Tikamtsekera chitseko, kodi luso lakelo akalitula kwa yani?