Thambo la Katete pa Kalendala ya Zithunzi

Makalendala ambiri amene timapacika m'nyumba zathu timalandira kwa ogulitsa mbeu kapena ku banki, ndipo zithunzi zake zimakhala za kutali: mathithi a Mosi-oa-Tunya, njovu za ku Luangwa, mwinanso mapiri a ku Ulaya. Nzokongola ndithu, koma sizimuuza kanthu mlimi wa ku Katete za munda wake. Pali kalendala ya mtundu wina imene anthu a m'tauni yaing'ono angathe kupanga okha: zithunzi 12 za thambo la kwao, mwezi uliwonse cithunzi cake, zonse zojambulidwa pamalo amodzi. Poti foni yojambula ili m'thumba la ambiri masiku ano, nchitoyi siivuta. Tiyeni tiyerekeze kuti wojambula waimirira moyang'ana phiri la Mphangwe, tione cimene angajambule, ndi cifukwa cake thambo limasintha motero.

Kalendala ya m'sitolo imayamba ndi Januwale, pakati penipeni pa dzinja, motero imadula caka ca mlimi pawiri. Yathuyi tiiyambe ndi Okutobala.

Cithunzi ca Okutobala sicikondweretsa maso. Thambo limakhala lotuwa ndi fumbi ndi utsi wa lupsa, phiri limaoneka mwa cizimezime, ndipo dzuwa limafiira ngati khala lisanafike pansi. Katete ali pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa equator, conco kawiri pa caka, kumapeto kwa Okutobala ndi capakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima pa liwombo penipeni. Mukazika mtengo woongoka pabwalo masiku amenewo, mthunzi wake umasowa. Dzuwa ndi lomwelo miyezi iwiriyi, koma Okutobala amaocha kwambiri cifukwa nthaka ndi youma ndipo palibe mitambo yochinga.

Kutentha kumeneku ndiko kumaitana mvula. Mpweya wotentha ukamakwera, umakoka mphepo yacinyezi yocokera ku Congo, imene imadzakumana ndi mphepo yocokera ku nyanja ya Indian. Lamba wa mitambo amene amapangika pokumanirapo amatsatira dzuwa m'mbuyo: amatsikira kuno kumwera dzinja likamayamba, nabwerera kumpoto ca m'Malichi ndi Epulo. Dzinja lathu lonse ndi ulendo wa lamba ameneyu.

Mu Novembala wojambula amapeza zithunzi zocititsa kaso kuposa mwezi wina uliwonse. Dzuwa likapendeka, mitambo imaunjikana ngati culu, yakuda kunsi, yoyera pamwamba, mutu wake utayanzika ngati bowa. Koma pano mpamene mlimi ayenera kusamala. Mtambo wa cizimalupsa ndi mtambo wa mvula yobzalira amaoneka cimodzimodzi pa cithunzi. Cizimalupsa cimagwa ndi mabingu, cimazimitsa fumbi, nthaka nkununkhira, kenaka thambo limatseka kwa masabata awiri kapena atatu. Amene anathamangira kubzala amaona mbeu yake itamera nkupserera, kapena itaolera pansi, ndipo mbeu yogula siibwera kawiri.

N'cifukwa cake cithunzi cimafuna nambala pambali pake. Tengani citini coongoka m'mbali, cofanana kukamwa ndi kunsi, muciike poyera kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pimani madzi ndi rula, lembani, ndipo khuthulani. Kuya kwa madziwo m'mamilimita ndiwo muyeso wa mvula imene yagwa. Alangizi ambiri amalimbikitsa kudikira mpaka mvula itakwana mamilimita 20 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu, ndi kukumba ndi khasu kuti muone pamene cinyezi calekezera. Ikakwana, musacedwenso, cimanga cobzalidwa mocedwa sicibweza masiku amene cataya.

Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya mvumbi. Thambo ndi lotsika, phiri lavala nkhungu, ndipo wojambula amadandaula kuti zithunzi zikutuluka zakuda. Mlimi sadandaula. Dera lathu lili m'cigawo cimene cimalandira mvula ya mamilimita 800 mpaka 1,000 pa caka, ndipo yoculuka imagwa kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.

Tsamba la Febuluwale ndilo limaphunzitsa kwambiri. Munthu amene anajambula thambo mu Febuluwale wa 2024 anapeza cithunzi coyera bwino, dzuwa lili nye, popanda ndi kamtambo komwe. Mlendo akanati ndico cokongola kuposa zonse. Koma nthawi imeneyo cimanga cinali kumasula, pamene cimafuna madzi kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ng'amba inakhala masabata angapo. Pa 29 Febuluwale caka comweco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Gwero lake linali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kumene kumasokoneza mphepo mpaka lamba wa mitambo uja nkukhalira kumpoto. Mukaika cithunzi cimeneco pambali pa ca Febuluwale wa caka ca mvula, mumaona kuti kuwerenga mamilimita a caka conse sikukwanira. Funso lalikulu ndi lakuti mvulayo inagwa liti, ndipo cimanga cinali pa msinkhu wanji. Apa mpamene kuphimbira nthaka ndi mapesi, kubzala m'maenje ndi kusakaniza mbeu zoca msanga kumaonetsa phindu lake.

Malichi ndi Epulo amabwera ndi mvula ya apa ndi apo. Utawaleza wa madzulo muufune kum'mawa, pakuti nthawi zonse umaoneka mbali yopenyana ndi dzuwa. Kenaka masika.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi mphepo ya mwera imasesa thambo. Usiku mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika, ngakhale mafoni ambiri amalephera kuujambula. Usiku woyera cotere ndiwo wozizira kwambiri, cifukwa kutentha kwa masana kumathawira kumwamba popanda mitambo yokubweza. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka nkukagona m'madambo, momwe muli madimba athu. Mukaona nyenyezi zili mbee ndipo mphepo yaleka madzulo a Juni kapena Julayi, kaphimbeni matimati ndi mbande zanu ndi udzu.

Mu Ogasiti, pamene Acewa amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, mphepo imakula ndipo fumbi limayambanso. Mu Seputembala mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe.

Pojambula, imani pamalo amodzi, tsiku lomwelo la mwezi ndi ola lomwelo, ndipo m'cithunzimo mukhale phiri kapena mtengo wosasuntha. Ngati pali msangu pafupi, sankhani umenewo, cifukwa umacita mosiyana ndi inzake: mu Januwale umakhala wopanda masamba, mu Julayi uli biriwiri. Pansi pa cithunzi lembani tsiku, mvula ya mweziwo, ndi nchito imene munali kugwira kumunda. A nthambi ya zanyengo amalengeza za dzinja lisanayambe, koma amanena za zigawo zikuluzikulu. Za munda wanu mudzalemba ndinu. Inu amene munabwerera kwanu ku Lundazi, ku Petauke kapena ku cigwa ca Luangwa, kumene kumatentha kwambiri ndipo mvula ndi yocepa, masiku anu sadzafanana ndi a Katete. Pakatha zaka zitatu, ikani masamba atatu a Novembala pamodzi, muone tsiku limene munabzala caka ciliconse ndi matumba amene munakolola.