Mawu a Mayi Pakamwa pa Aphungu

Munthu wochokera ku Lusaka akaoloka mlatho wa Luangwa, nakwera zitunda za ku Kacholola, natsikira ku Nyimba kumene amayi amandanda ndi nthochi zawo m'mbali mwa msewu, napitirira kufikira ku Petauke, amakhala akuyenda m'dziko la Ansenga, anthu a mafumu Kalindawalo, Nyamphande, Mumbi, Mwanjawanthu, Ndake, Mwape, Luembe ndi Nyalugwe, amene pa mwambo wa makolo awo mwana amawerengedwa ku mbumba ya amake, ndipo ufumu umatsata bere. Pakati pa anthu otere mwana wamkazi sapepulidwa, pakuti ndiye adzabala mudzi wa mawa. Ndipo mlendo akadayesa kuti pa tsiku limene mwanayo watha msinkhu, mayi womubala ndiye akhala patsogolo pomulanga. Koma makolo anakonza mwina, ndipo makonzedwe awowo akali kutsatidwa kufikira lero.

Mtsikana akaona chizindikiro chakuti wakula, sathamangira kwa amake, koma amanka kwa ambuya ake, kapena kwa mlongo wa atate ake, kapena kwa mayi wina wachikulire amene amamumasukira; ameneyo ndiye amapita ndi uthengawo kwa mayi, mayi nawuza bambo mozungulira, monga zimanenedwera nkhani zolemekezeka. Kuyambira tsikulo mtsikanayo amatchedwa moye, amabindikiritsidwa m'nyumba, napatsidwa phungu womuyang'anira, pamodzi ndi amayi akuluakulu odziwa mwambo. Ntchito ya mayi wake pa masiku amenewo ndiyo kusinja, kutunga madzi, kuphika thobwa, kupereka nkhuku kwa aphungu ndi kufunafuna chitenje chatsopano. Koma za thupi ndi zinsinsi zina za uchembere sizituluka pakamwa pake. Akuluakulu amapereka zifukwa ziwiri: choyamba, pakati pa mayi ndi mwana pali manyazi oyenera kusungidwa, kuti ulemu usathe m'nyumba, chachiwiri, mwana amene wamva mawu a amake m'mawa ndi madzulo kuyambira ali kumbuyo amafika powazolowera, ndipo mayi, pogwidwa ndi chifundo cha bere, amafewetsa mawu pamene pafunika kuumitsa.

Komatu asanyengedwe munthu kuti mayi wakhala chete. Moye asanayambe kulangidwa, mayi amaitanira aphungu pambali, nawaululira zonse zimene wasunga mumtima zaka zambiri: kuti mwanayu amayankha akulu ali chiimire, kuti akatumidwa kuchigayo amabwerako dzuwa litalowa, kuti amadya osayang'ana ngati ang'ono ake akhuta, kuti anayamba kuseka ndi anyamata a njinga pamsika. Aphungu amatenga milandu imeneyi nalowa nayo m'nyumba, naisandutsa nyimbo ndi masewero, wina nayerekeza mayendedwe amwano a mtsikanayo pamaso pake pomwe, kufikira iye atagwetsa nkhope ndi misozi. Ndipo iye amadabwa kuti anthu awa adziwa bwanji za kumphika kwa amake. Motero chilango chimatuluka pakamwa pa aphungu, koma mwini mawu ndi mayi, ndipo pamenepo pamakwaniridwa mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zimene moye amaphunzira m'nyumbamo n'zambiri, ndipo zina sizinenedwa pabwalo. Amaphunzira kudzisamalira pa masiku ake a mwezi, ndi kusathira mchere m'ndiwo pa masikuwo. Amauzidwa kuti kuchipinda kwa makolo ake kwatsekeka tsopano, ndi kuti sakhalanso pafupi ndi atate ake monga ankachitira ali kamwana. Amaphunzira kugwada popereka madzi, kulandira chinthu ndi manja awiri, kulonjera mlendo asanamufunse chimene wadzera, kusaseka wokalamba kapena wolumala, ndi kusanyamula nkhani za m'nyumba kupita nazo kuchitsime, pakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Zonsezi zimalowa ndi ng'oma ndi kuwomba m'manja, popeza Ansenga ndi anthu a nyimbo, monga anaonera ofufuza John Blacking ndi Raymond Apthorpe pamene anajambula nyimbo za m'midzi ya ku Petauke mu 1961. Ndipo chimene mtsikana wachiphunzira akuvina sachiiwala ngakhale atamera imvi.

Amishoni atafika, a Dutch Reformed ku Nyanje mu 1905 ndi Akatolika pambuyo pake ku Minga, anayamba ndi kuletsa mwambo umenewu wa chinamwali, nauyesa wachikunja. Koma ataona kuti amayi Achikhristu sangalole ana awo kukula osalangidwa, mipingo inakhazikitsa chilangizo chake, niisankha alangizi pakati pa amayi okhwima m'chikhulupiriro, potsamira pa kalata ya Paulo kwa Tito imene imapatsa amayi okalamba udindo wophunzitsa akazi aang'ono. Chifukwa chake lero mayi wa ku Petauke amasankha: wina amaitana aphungu a ng'oma, wina alangizi a mpingo obwera ndi Baibulo ndi nyimbo za Mulungu, ndipo ambiri, posafuna kutaya mbali iliyonse, amaitana onse. Koma ngakhale mpingo sunasinthe lamulo lija lakuti mayi alankhule kudzera mwa ena.

Pali chilonda chimodzi chimene mwambowu unali nacho, ndipo ochidziwa bwino ndi amayi omwe. Kale moye ankaphunzitsidwa pa nthawi imodzi za ukhondo ndi za kusunga mwamuna, chifukwa ukwati sunali patali. Ndipo tsiku lotuluka linali ngati kulengeza kwa mudzi wonse kuti pakhomo pano pali mkazi. Sukulu zitachuluka, mtsikana wa zaka 12 kapena 13 ankatuluka m'nyumba atamva zinthu zoposa msinkhu wake, atasiyidwanso ndi anzake m'kalasi chifukwa cha masabata ambiri a kubindikira, ndipo ambiri sankabwereranso ku sukulu, koma ankatenga pakati kapena kukwatiwa akali ana. Amayi a lero ambiri anadutsa njira imeneyo, nabereka mafupa asanakhwime, naona anzawo amene anapirira pa sukulu akubwera ku chipatala cha Nyimba kapena cha Minga atavala zoyera za unamwino. Ndipo chimene munthu anachilawa yekha kuwawa kwake safuna kuti mwana wake achilawenso.

Chifukwa chake mwambo wasintha, ndipo ausintha eni ake pamodzi ndi mafumu ndi boma. M'midzi yambiri moye amalowa m'nyumba pa tchuthi, makamaka cha Ogasiti pamene chimanga ndi mtedza zili m'nkhokwe, nakhalamo sabata imodzi kapena ziwiri. Ndipo malangizo agawidwa pawiri, kuti za ukhondo ndi ulemu zinenedwe tsopano, za m'banja zidikire mpaka ukwati utayandikira. Malamulo nawo aima kumbali ya mayi wofuna kuti mwana wake aphunzire: kuyambira mu 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, mu 2013 boma ndi mafumu anayamba ntchito yothetsa maukwati a ana, kuyambira mu 2022 m'sukulu za boma mulibe fizi mpaka kumaliza sekondale, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linakonzedwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wosavomerezeka, ungakhale wa mwambo. Mayi wa lero poitanira aphungu pambali amawonjezera mawu amene ambuya ake sakadawanena, akuti: mumulange mwano ndi ulesi, koma za mwamuna musamuuze, mwana wanga akali pa sukulu.

Tsiku lotuluka ndilo tsiku limene mayi amamasulidwa pakamwa. M'mawa moye amasambitsidwa, nadzozedwa mafuta, navekedwa chitenje chatsopano ndi mikanda, natulutsidwa ndi nthungululu. Amakhazikidwa pamphasa pamodzi ndi phungu wake, maso ali pansi, mbale ili patsogolo pake, ndipo achibale amabwera mmodzimmodzi, aliyense naponya ndalama m'mbalemo, nasiya mawu amodzi kapena awiri a chilangizo, amalume ake nawonso nanena zawo monga mwini mbumba. Pofika mayi, anthu amatchera khutu, pakuti zimene anena pamenepo ndi pangano la pamaso pa mudzi, ndipo mawu ake amayenda motere: mwana wanga, lero wakula, usandichititse manyazi; ulemekeze atate ako ndi munthu aliyense wamkulu; anyamata adzabwera ndi foni ndi ndalama za thonje, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere; ine ndagulitsa mtedza ndi nthochi kuti uvale yunifolomu, tsono ugwire pensulo kufikira udzadye za manja ako, ndipo ukadzakwatiwa udzalowe m'nyumba ya mwamuna uli ndi chako, ukumbukirenso ang'ono ako ndi mudzi uno umene unakubala.

Pali ena amene amati chinamwali chithe, pali enanso amene amati chisakhudzidwe ngakhale pang'ono. Onsewa aiwala kuti mwambowu unakhazikitsidwa kuti unyamule chifuniro cha mayi ndi kuchifikitsa kwa mwana mwa njira imene mwanayo angachimvere. Pamene amayi ankafunira ana awo banja lolimba, aphungu ankaphunzitsa za banja. Tsopano pamene amayi akufunira ana awo ulemu pamodzi ndi maphunziro, phungu wokhulupirika ayenera kunyamula zimenezo, ndipo amene aumirira kuphunzitsa kamtsikana ka sukulu zimene amake sanamutume wasiya ntchito ya uthenga. Chinamwali cha ku Petauke ndi ku Nyimba chidzayesedwa m'mwezi wa Seputembala, sukulu zikatsegulidwa, pamene aphunzitsi adzaitana maina ndi kuona ngati moye aliyense amene anatuluka m'nyumba mu Ogasiti wayankha.